ZA PAMSIKA: Kafumbi ka fulawa pa mthiko kakudwalitsa ana

Amayi ndi abambo a geni, sabata ino za mitengo ya katundu ndi za matikiti a pamsika tiyambe taziika pambali. Ndikufuna tikambirane za kafumbi ka fulawa, kaja kamatsalira pa mthiko, m'sefa, m'kapu yoyezera ndi m'mafuta a m'chiwaya. Ambiri a ife timangokasasa pachitenje n'kupitiriza ntchito. Koma alipo anthu ena, mwina wina mukugona naye nyumba imodzi, amene kafumbi komweko kamawadya m'mimba pang'onopang'ono mpaka kuwasandutsa odwaladwala.

Tiyambe ndi dzina. M'tirigu muli chinthu chotchedwa gluteni. Inu okanda mandasi mumachidziwa bwino ngakhale dzinalo mwalimva lero. Ndi chija chimachititsa kuti fulawa mukamukanda ndi madzi azimata m'manja, azitamuka ngati legeni, n'kufufuma mukathira yisiti. Tayesani kukanda mgaiwa chimodzimodzi muone, ungoyoyoka, poti m'chimanga mulibe. Gluteniyu amapezekanso m'barele, mbewu imene amafululira mowa wa m'mabotolo, ndi m'mbewu ina ya kumaiko ozizira yotchedwa rye.

Tsono pali matenda amene madokotala amawatcha celiac. Mkati mwa matumbo aang'ono a munthu muli tinthu tambirimbiri tooneka ngati ubweya wa thaulo latsopano, ndipo ndi timeneti timayamwa zofunika za m'chakudya kuti zilowe m'magazi. Munthu wa celiac akadya gluteni, chitetezo cha m'thupi mwake chimasokonezeka mutu n'kuyamba kumenya matumbo ake omwe. Ubweya uja umaperepeseka, matumbo n'kukhala see ngati thaulo la zaka khumi. Chakudya chimangodutsa. Mwana amadya nsima mbale yodzaza koma osakula, mimba ili tuu, kutsegula m'mimba kosatha, magazi kuchepa, kufooka, kulira chisawawa. Akuluakulu ena zimawatulukira pakhungu, timatuza toyabwa koopsa m'zigongono ndi m'mawondo. Ena mafupa amafooka msanga. Ena sadandaula chilichonse pomwe m'kati zikuwonongeka.

Mankhwala ake? Palibe piritsi, palibe jakisoni. Ndi kusiya gluteni moyo wonse, basi.

Ndamva kale wina uko akuti, "Aaa, amenewo ndi matenda a azungu, ife tinakulira masikono." Pepani achimwene, khalani pansi. Padziko lonse akuti pafupifupi munthu mmodzi pa anthu 100 aliwonse ali nawo, ndipo ambiri sadziwa. Komanso m'chaka cha 1999 madokotala a ku Italy atayeza ana a mtundu wa Saharawi okhala m'misasa ya othawa kwawo ku Algeria, anapeza kuti ana 5 kapena 6 pa 100 aliwonse anali ndi celiac. Umenewo ndi umodzi mwa milingo yokwera kwambiri imene inapezekapo padziko, ndipotu ndi mu Africa momwe muno, pakati pa anthu amene ankadalira fulawa wa chithandizo. Kuno kwathu agogo athu buledi ankamuona pa Khirisimasi. Lero mwana wa m'tauni m'mawa ndi buledi, pa buleki kusukulu ndi mandasi, madzulo bisiketi. Tirigu walowa m'nyumba zathu ndi nsapato zomwe.

Amene anatulukira kuti vuto ndi tirigu anali dokotala wa ana wa ku Netherlands, Willem Dicke. Pa njala imene inagwa m'dziko lawo m'nyengo yozizira ya 1944 mpaka 1945, nkhondo ili mkati, buledi anasowa, ndipo ana odwala matendawa anayamba kupeza bwino. Buledi atabwerera, anawo anayambiranso kudwala. Mu 1950 iye analemba zimene anapezazo. Ganizani, njala kuchiritsa mwana amene chakudya chinkamudwalitsa!

Apa ndiye pagona nkhani yanga. Kusiya buledi ndi mandasi n'kosavuta kumva, aliyense amamvetsa. Chovuta ndi muyezo wake. Pa kafukufuku amene anatuluka mu 2007, ofufuza a ku Italy anapatsa odwala celiac mamiligalamu 50 a gluteni tsiku lililonse kwa masiku 90, ndipo matumbo awo anaonetsa kuwonongeka. Akatswiri ambiri amati malire otetezeka ali cha pa mamiligalamu 10 patsiku. Inu a sikelo, tiyeni tiwerengere limodzi. Fulawa, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 ndi gluteni. Ndiye kuti mamiligalamu 10 aja ali m'kafulawa kolemera gawo limodzi mwa magawo 10 a galamu imodzi, kotsina ndi nsonga za zala ziwiri. Sipuni yaing'ono ya tiyi yodzaza fulawa yadutsa kale malirewo kuposa ka 20. N'chifukwa chake bungwe loika malamulo a zakudya padziko lonse la Codex Alimentarius linagwirizana mu 2008 kuti chakudya cholembedwa kuti chilibe gluteni chisapitirire mamiligalamu 20 pa kilogalamu imodzi. Munthu atadya theka la kilogalamu la chakudya chotere, wangofika pa 10 paja.

Mwaonatu. Sitikukamba za ndasi lathunthu. Tikukamba za nyenyeswa.

Kunena zoona ife Amalawi pa nkhani iyi tili ndi mwayi umene anzathu a ku London kapena ku Roma alibe. Iwo chakudya chawo chambiri n'cha tirigu, ndiye akapezeka ndi celiac amagula buledi wapadera wokwera mtengo. Ife nsima ya mgaiwa, ya ufa woyera, kondowole, mpunga, mbatata, kachewere, chinangwa, nthochi, mapira, mawere, nyemba, nandolo, nsinjiro, usipa, chambo, mazira, nyama, masamba, zonsezi mulibe gluteni mwachibadwa. Futali alibe vuto. Thobwa la chimera cha mawere kapena cha chimanga lilibe vuto. Munthu angathe kudya n'kukhuta chaka chonse osakhudza tirigu. Chimene chimaononga ndi njira imene chakudya chabwinocho chadutsa chisanafike m'mbale. Paja amati nsomba ikaola imodzi zonse zaola.

M'dera lomwe ndimakhala muli mayi wina wa geni ya mandasi ndi zitumbuwa. Mwana wawo wamkazi anavutika zaka, kuchipatala kupita, mankhwala a njoka za m'mimba kumwa, kwa asing'anga kufika, mpaka apabanja kuyamba kulozana zala kuti wina wamuchita mwanayo chipongwe. Anadzadziwa chenicheni mlongo wawo wa mayiwo atamutengera mwanayo ku Johannesburg komwe amagwira ntchito, n'kukamuyezetsa. Atabwerako anamuletsa buledi, mandasi, bisiketi, zonse. Anasintha ndithu, koma osachiriratu. Mwezi uno bwino, mwezi wamawa m'mimba mwayambanso.

Tsiku lina ndinakafika pakhomopo m'mamawa kukagula mandasi otentha, ndipo ndinaima pakhomo la khitchini kudikira. Mayi aja amadzuka 3 koloko kukanda. Akusefa fulawa, fumbi lili kobo, ndipo pambali pomwepo pali ndowa ya ufa wa nsima yosavundikira. Mthiko wotakasira fulawa ndi womwewo wophikira phala la mwana, angoutsukuluza. Akamaliza mandasi, m'mafuta omwewo amaponyamo zitumbuwa, ndipo ziwiri zoyamba ndi za mwana uja, kamba ka kusukulu, poti zitumbuwa ndi nthochi ndi ufa wa chimanga basi. Mayi wachikondi, wosamala, wotsatira zonse zimene dokotala ananena, koma gluteni akulowa pakhomo lakumbuyo m'mawa uliwonse.

Nditawatchulira, anandiyang'ana nati, "Ndiye mukuti nditani achimwene, ndisiye geni? Lendi andilipirira ndani? Fizi ya yemweyu ichokera kuti?" Funso limenelo ndi lolemera, ndipo amene angawayankhe kuti angosiya mandasi sanagonepo ndi njala. Geni sanasiye. Anasamutsira kukanda ndi kukazinga pakhonde la kuseri, ndowa ya ufa anaigulira chivundikiro, anagula mthiko, chipande ndi sefa zatsopano n'kuzimanga kansalu kofiira kuti aliyense m'nyumbamo azidziwa kuti izi n'za mwana, ndipo zitumbuwa zake amakazinga m'kapoto kake ndi mafuta ake asanatsegule n'komwe thumba la fulawa. Chitenje chokandira amavula, m'manja amasamba ndi sopo mpaka m'zikhadabo, kenaka ndiye n'kugwira chakudya cha mwana.

Za mafutazi ndiime pang'ono, chifukwa apa ndi pamene ambiri timanamizana. Timati moto umapha chilichonse. Umapha tizilombo, inde, koma gluteni si kachilombo. Buledi amene uja amapsa mu uvuni wotentha koopsa koma gluteni amatulukamo ali bwinobwino. Nyenyeswa za mandasi, za samusa, za nkhuku yoviika m'fulawa zimatsalira m'chiwaya n'kukakamira pa chilichonse cholowa pambuyo. Pa kafukufuku amene anatuluka mu 2021, ofufuza ena ku America anagula chipisi maulendo 20 m'malesitilanti 10 momwe amakazinga chipisicho m'mafuta amodzi ndi zakudya za tirigu. Maulendo 9 anapezamo gluteni, ndipo 5 mwa amenewo anadutsa malire a mamiligalamu 20 pa kilogalamu aja. Ndiye kuti pa mbale zinayi zilizonse, imodzi inali yosayenera munthu wa celiac. Nanga chiwaya chathu chija chimayamba m'mawa ndi mandasi, masana chipisi, madzulo zigege, mafuta osasintha, kumangoonjezera? Zigegetu ndi mbatata yoviika m'fulawa, musaiwale. Anyamata a chiwaya, kasitomala akakufunsani ngati mwakazingiramo za fulawa, muuzeni zoona. Mutaya mbale imodzi ya chipisi, koma abweranso kudzagula chimanga chootcha.

Koma ndisakuopsezeni mopitirira. Ndaona ena akangomva za matendawa amafuna kutaya ziwiya zonse za m'nyumba ngati mwalowa mliri. Zosafunika zimenezo. Pachipatala cha ana cha Children's National ku Washington anachita kafukufuku amene anatuluka mu 2020. Anaphika supageti wa tirigu m'poto, n'kutsuka potoyo ndi sopo ndi madzi, n'kuphikamo supageti wopanda gluteni, ndipo sanapezemo vuto. Koma pamene anaphika wopanda gluteniyo m'madzi omwewo amene munali wa tirigu, zonse zimene anayeza zinadutsa malire. Phunziro lake ndi lapafupi: sefuliya, mbale, kapu, sipuni, mpeni, zonse zosalala, sopo ndi madzi n'zokwanira. Madzi ophikira, mafuta okazingira ndi msuzi, zimenezo ndiye osagawana. Zamatabwa zong'ambikang'ambika, sefa wa timabowo, lichero ndi thabwa lokandirapo, zimenezo zimasunga fulawa m'ming'alu, ndiye kuli bwino wodwala akhale ndi zake. Mthiko ndi ndalama zingati poyerekeza ndi ulendo wa kuchipatala? Kugwira fulawa ndi manja sikudwalitsa, gluteni salowera pakhungu. Vuto ndi dzanja lomwelo likapita kukamwa kapena m'mbale.

Patebulo pa tiyi palinso msampha. Mpeni wapaka majarini pa buledi, wabwerera m'chitini, wasiya nyenyeswa. Chiponde chimodzimodzi, jamu chimodzimodzi. Mwana wina waviika sikono m'tiyi, n'kutenga sipuni yomweyo kukatapira shuga. Wodwala akhale ndi kachitini kake, kapena lamulo likhale loti chotapira chimalowa kamodzi chili choyera. Ndipo m'kabati zake zikhale pashelefu yapamwamba, fulawa pansi, poti fumbi limagwa, silikwera.

Tsopano inu ogulitsa ufa, mpunga, nyemba ndi fulawa wopima. Ndimadutsa m'mizere yanu ku Limbe, ku Ndirande, kwa Tsoka ku Lilongwe, ndipo malonda ake ndi amodzimodzi kulikonse: matumba ali yasa moyandikana, kambale koyezera ndi kamodzi. Katapa fulawa, kagogodedwa kawiri pa benchi, kalowa m'thumba la ufa woyera. Ufa woyera ndi fulawa maonekedwe n'ngofanana, ndani angaone? Enanso timagula matumba otha fulawa kumabekale n'kuthiramo mgaiwa kapena mpunga osawachapa. Mpunga ndi nyemba bola, munthu amasankha n'kutsuka asanaphike. Nanga ufa mungautsuke? Kambale kachiwiri n'kotchipa, ndipo thumba la fulawa likhale kumapeto kwa benchi, lomanga kukamwa. Mayi amene ali ndi mwana wotere akadziwa kuti pabenchi panu ndi posamala, ameneyo ndi kasitomala wanu mpaka kalekale, ndipo simufunikanso kumunyengerera ndi banyira.

Kuchigayonso funsani. M'madera monga Tsangano ku Ntcheu ndi ku Neno amalima tirigu, ndipo chigayo chimene chagaya tirigu chimatsala ndi ufa wake m'kati. Ngati mwapeza kuti wakutsogolo kwanu wagayitsa tirigu kapena zosakaniza, lolani anthu angapo a chimanga adutse, kapena ufa woyamba kutuluka muupatule ukhale wa ena onse m'nyumba.

Pali chinyengo china chosachita dala. Fulawa atakwera mtengo, makamaka kuchokera mu 2022 nkhondo ya Russia ndi Ukraine itasokoneza msika wa tirigu, ambiri anaphunzira kusakaniza ufa wa chinangwa m'mandasi. Nzeru yabwino ya geni imeneyo. Koma musamuuze munthu kuti "awa ndi a chinangwa, idyani" pomwe theka lake ndi fulawa. Chimodzimodzi chigumu ndi zitumbuwa: amayi ena amathiramo kafulawa dzanja limodzi kuti zigwirane ndi kufewa. Kwa ine ndi inu n'zokoma. Kwa mwana uja ndi sabata yathunthu ya m'mimba. Akakufunsani, musayankhe mwaukali ngati akufuna kukuberani luso lanu.

Za m'mashopu, safunsa anadya phula. Tembenuzani paketi muwerenge kumbuyo. Mukaona mawu oti wheat, barley, rye, malt kapena gluten, bwezani pashelefu. Katundu wambiri wochokera ku South Africa ndi ku Britain amalemba poyera. Muzapeza tirigu m'malo osayembekezeka: m'masoseji ndi poloni ambiri, m'supu wa m'mapaketi, m'timabuloko tina tokometsera ndiwo, mu soya sosi, m'zokometsera za ma soya pieces ena. Mahewu a m'mashopu nawo werengani, chifukwa kapangidwe kake ka ku South Africa amathiramo kafulawa kuti asase msanga. Oats mwa iwo okha ambiri odwala sawavuta, koma kawirikawiri amasakanikirana ndi tirigu kumunda ndi kufakitale. Abambo, mowa wa m'mabotolo uja ndi wa barele, ndanena kale, musati sindinakuuzeni.

Chimene chimandiwawa kwambiri ine si ziwiya ayi, ndi pakamwa pa anthu. Kwathu kuno kukana chakudya ndi mwano. Mwana akapita kwa agogo ake, agogo amati, "Kamodzi kokha kangamuphe? Mwana wa mwana wanga asadye sikono m'nyumba mwanga?" n'kumupatsa mobisa, mwachikondi. Apongozi amati mkamwana akunyada, watengera za ku Joni. Pamaliro, paukwati, pachinkhoswe, amayi ophika amathira fulawa m'msuzi kuti ukhale wokhathamira ukwanire anthu, ndipo palibe amene amalengeza. Mwana wa zaka 7 angakane bwanji pamaso pa akuluakulu? Ndiye kholo lisachite manyazi. Pitani kumaphikiro mukafunse, kapena nyamulani kakontena kake. Agogo muwakhazike pansi muwafotokozere mwaulemu kuti kamodzi kaja n'kamene kamabweza m'mbuyo machiritso a miyezi, chifukwa matumbo a mwana amatenga miyezi kuti amerenso ubweya uja, ndipo a munthu wamkulu nthawi zina chaka kapena kuposa. Aphunzitsi akenso adziwe, chifukwa pa buleki ana amagawana.

Ngakhale kutchalitchi nkhaniyi inafika. Mkate wa mgonero ndi wa tirigu. Mu 2017 Vatican inakumbutsa maepiskopi kuti mkate wopandiratu gluteni suloledwa pa Misa, koma wokhala ndi gluteni wochepa kwambiri ndi wololedwa, ndipo amene sangathe n'komwe angalandire za m'chikho zokha. A mipingo ina kambiranani ndi abusa anu.

Mwina pofika pano wina wayamba kale kuloza mwana wake kuti ndi zomwezi. Imani kaye. Kutsegula m'mimba, kuonda ndi kuchepa magazi kuno kwathu zili ndi zifukwa zambiri: njoka za m'mimba, madzi oipa, malungo, TB, HIV, kusowa zakudya. Zimenezo ziyambe zayezedwa, chifukwa zina mwa izo sizidikira. Ndipo ngati dokotala akuganizira celiac, musamusiyitse munthu tirigu asanayezedwe. Kuyeza kwake amayamba ndi magazi, kufufuza chotchedwa tTG, kenaka nthawi zambiri amalowetsa kapaipi ka kamera kudzera kukamwa n'kutapa kanyama kakang'ono ka m'matumbo. Zonsezi zimaoneka pokhapokha munthu akudya tirigu. Mukamusiyitsa msanga, zotsatira zidzanama kuti ali bwino, ndalama zanu n'kupita pachabe. Wina akapezeka nawo, makolo ake, abale ake a bere limodzi ndi ana ake ayezetsenso, poti matendawa amayenda m'magazi a pabanja, ndipo mwa achibale apafupi oterewa pafupifupi mmodzi pa 10 amapezeka nawo.

Komanso tisasokoneze ndi fashoni. Katswiri wa tenesi Novak Djokovic anasiya gluteni mu 2010, chaka chotsatira n'kuwina zikho zikuluzikulu zitatu, ndipo anthu ambiri olemera anatengera poganiza kuti tirigu ndi woipa kwa aliyense. Ayi. Ngati mulibe matendawa idyani mandasi anu mwamtendere, amayi a geni apeze ya sopo. Wa fashoni nyenyeswa sizimuchita kanthu. Vuto ndi loti ogulitsa akazolowera makasitomala onyada oterewa amayamba kuyesa kuti aliyense wofunsa ndi wamatama, ndiye tsiku lobwera wodwala weniweni amangomuyankha kuti "mulibe" osaganiza n'komwe.

Sabata yamawa ndikhala ku msika wa Zomba kumva za malo ogulitsirapo nthawi ya mvula ino. Amayi a mzere wa ufa, ndikadzafika ndidzawerenga timbale toyezera pabenchi lililonse.